Mtima Wachinayi

Mutu 5

1. Nkhumba yopanda chidindo

Kusukulu palibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Onse ankangoti Kampeni, chifukwa bambo ake anali ndi butchala, ndipo mtsikanayu anaphunzira kugwira mpeni asanadziwe kugwira cholembera. Poyamba dzinali linkamuwawa, koma pofika Folomu 3 anali akulivomera ngakhale aphunzitsi akamuitana nalo.

Bambo akewo anali atafa ziwalo za mbali ya kumanja miyezi isanu yapitayo. Tsopano ankangokhala pampando wa pakhonde, mawu akuwatuluka limodzilimodzi. Butchala inatsala m'manja mwa mng'ono wawo, bambo aang'ono a Kampeni. Awa anali munthu wanthabwala, wodziwa kuseketsa kasitomala mpaka kuiwala chimene wabwerera. Ndiwo ankabweretsa chakudya ndi mankhwala kunyumba kwa mkulu wawo, ndipo ankaonetsetsa kuti mzere wonse wa mashopu ukudziwa zimenezo.

Sabata imeneyo aphunzitsi a bayoloje anapempha Kampeni kuti abweretse mitima inayi ya nkhumba yoti kalasi itumbule. Ana ankawatchula aphunzitsiwa Mayi Taonani, popeza pafupifupi chiganizo chawo chilichonse chinkayamba ndi mawu amenewo. Kampeni anasangalala kwambiri. Kanali koyamba kuti ntchito ya kwawo ifunike m'kalasi.

Lachinayi m'mawa anadzera ku butchala ndi kandowa. Matailosi anali atakolopedwa, sikelo itapukutidwa, ndipo nkhumba zinayi zinali lende pa ngowe. Zitatu zinali ndi chidindo chapepo pantchafu, chija amadinda woyeza nyama kophera ziweto. Yachinayi inalibe. Kampeni anasuzumira kuseri kwa shopu n'kuona simenti ili yonyowa, madzi ofiira akutsetserekera m'ngalande.

Atafunsa, bambo aang'ono anaseka n'kunena kuti oyeza nyama inki inawathera. Anaponya mitima itatu m'kandowa, wachinayi n'kuukulunga pawokha m'kajumbo kakuda, kenaka anamuuza kuti athamange angachedwe.

Kampeni ananyamula kandowa n'kunyamuka, koma m'njira monse ankakumbukira mawu a bambo ake. Asanadwale ankakonda kumuuza, uku akunola mpeni, kuti:

"Mwana wanga, nyama yopanda chidindo isalowe pakhomo pano, ngakhale wina akupatse yaulere. Munthu akabwera kudzagula nyama sabwera ndi zida za dokotala. Amabwera ndi njala, wasiya ana kunyumba, ndipo amadalira maso ako. Ukamunamiza kamodzi wadwalitsa nyumba yonse, ndipo iwe sudzadziwa n'komwe kuti unadwalitsa yani. Udzakumana naye pamsewu, adzakupatsa moni, iwe n'kuyankha."

Pageti la sukulu wokazinga nyama anali akukoleza makala. Bambo ameneyu ankadyetsa theka la sukulu belu la masana likalira. Popeza ana amakhala ambiri ndipo nthawi imakhala yochepa, nyama yake inkangopsa pamwamba, m'kati ili yofiira, koma ana sankadandaula. Mnzake wa Kampeni, amene ankatchedwa Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe pozimitsira, anali atamuuza kale wokazingayo kuti amusungire ya mafuta.

2. Lamulo la Mayi Taonani

M'labu munali fungo la mankhwala okolopera. Pa matebulo anayi panali mathireyi, timipeni, malumo, mapini ndi magolovesi. Kampeni anagawa yekha mitima ija. Wa m'kajumbo kakuda anauika pa tebulo la gulu lake, kuti ngati uli ndi kanthu, ena asakaone.

Wailesi anatseka mphuno ndi kolala ya bulauzi n'kufunsa mokweza chifukwa chimene ankavutikira ndi magazi, pamene m'buku muli chithunzi chabwinobwino, ndipo pamwamba pa kabati pali mtima wa pulasitiki wotsegula ngati bokosi. Ambiri anavomereza. Mayi Taonani anadikira kuti phokoso lithe.

"Taonani, ana inu," iwo anatero. "Mtima wa m'buku anaujambula munthu wofuna kuti mukhoze mayeso, ndiye anaupaka mbali ina yofiira, ina yabuluu, n'kuulemba mayina. Mtima weniweni subwera ndi mayina. Wa pulasitiki uwo ndakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri, sunadwalepo ngakhale tsiku limodzi. Koma ena mwa inu mudzakhala anamwino, ena madokotala a ziweto, ena mudzangokhala makolo ogula ndiwo pamsika, ndipo zambiri zimene mudzakumane nazo zidzakhala zodwala. Nkhumba izi sizinaphedwe chifukwa cha ife, komabe dzulo zinali zamoyo. Sindikufuna kuona munthu akuseweretsa nyama kapena kuponyera mnzake. Amene sangathe kugwira aime pambali azilemba, sindimuchotsera malikisi. Lamulo langa ndi limodzi. Jambulani zimene mukuona, osati zimene mukukumbukira, ndipo pansi pa pepala mulembe kumene chinthucho chachokera."

Atatero anagawa mapepala, aliyense lake.

3. Dzanja lozolowera

Pa matebulo ena ana ankakankhana, aliyense akufuna kuti mnzake ndiye ayambe. Pa tebulo la Kampeni panalibe zokambirana. Iye anatembenuza mtima uja, napeza mbali yonenepa, n'kuucheka kuchokera pamwamba mpaka pansi osagwedezeka. Unatseguka bwinobwino, zipinda zake zikuoneka, ndi tizingwe toyera togwira tizitseko ta magazi.

Ngakhale Wailesi anaiwala mphuno yake. Analowetsa chala mumtsempha waukulu, chalacho n'kutulukira m'chipinda cha pansi, ndipo anauza tebulo lonse, ndi loyandikana nalo lomwe, kuti tsopano wamvetsa njira ya magazi imene inamulepheretsa mayeso kawiri.

Pamenepo Kampeni anaona kathuza. Kanali koyera, kofanana ndi njere ya mpunga, katamira mu mnofu wofiira.

Dzanja lake silinadikire mutu. Miyezi isanu ija, Loweruka lililonse, bambo aang'ono ankamuphunzitsa kuti ukaona kanthu kosaoneka bwino pa nyama, umangosenga ndi nsonga ya mpeni n'kutaya kasitomala asanaone. Anasenga kathuza kaja n'kukafumbata m'dzanja lamanzere. Anachekanso, napeza kena, nakasenganso. Palibe mnzake anaona, chifukwa pa mpeni Kampeni anali wachangu.

Akufuna kusenga kachitatu, dzanja lina linagwira mkono wake.

"Tsegula dzanja," anatero Mayi Taonani motsitsa mawu.

Kampeni anatsegula. Timatuza tiwiri tinali pa golovesi. Manyazi anamugwira, moti anangoti zyoli, osatha kudzutsa mutu.

Aphunzitsiwo sanamukalipire. Anatenga mpeni, nacheka mnofu mizere itatu, ndipo mzere uliwonse unatulutsa timatuza tina. Anaitana kalasi yonse kuti izungulire tebulolo, napereka galasi lokulitsira zinthu kuti aliyense aone kadontho kamene kanali m'kati mwa kathuza.

"Taonani. Aka si mafuta, ndipo si dothi. Kadontho mukukaonako ndi kamutu ka nyongolotsi, kali mtulo, kakudikira. Mukatipeza mumtima, dziwani kuti tili m'lilime, m'mapewa ndi m'ntchafu momwe. Munthu akadya nyama yotere isanapse bwino, kamutuka kamadzuka m'matumbo mwake n'kukula kukhala nyongolotsi yaitali kuposa tebulo ili. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Munthuyo akapanda kusamba m'manja amawadyetsa ana ake omwe, ndipo tizilombo totuluka m'mazirawo timatha kukafika mu ubongo. Pamenepo mwana amene anali bwinobwino amayamba kugwa khunyu, anthu n'kumati walodzedwa. N'chifukwa chake woyeza nyama amacheka mtima asanadinde chidindo."

Kenaka anatembenukira kwa Kampeni.

"Iwe wasenga tiwiri, wabisa. Kodi nkhumba yonse ungaisenge?"

Ndiye Wailesi, amene pakamwa pake pankathamanga kusiya nzeru m'mbuyo, anafunsa kuti nanga nyama yotsala ya nkhumbayo ili kuti. Atangomaliza anagwira pakamwa, koma maso onse anali atafika kale pa Kampeni.

4. Mzere wa pansi pa pepala

Ana anabwerera ku matebulo awo. Kampeni anajambula mtima uja, zipinda zinayi, mitsempha, tizitseko. Chithunzicho chinali chokongola ngati cha m'buku, ndipo chinalibe kathuza ngakhale kamodzi. Pansi pa pepala panali mzere wolembapo kumene chinthucho chachokera.

Wailesi, pofuna kukonza zimene anawononga, anamunong'oneza kuti angolemba kuti wachinayiwo anagula pamsika kwa munthu wosamudziwa. Anati palibe angatsutse, ndipo iye mwini alumbira kuti analipo.

Mayi Taonani anabwera n'kukhala pa kampando pafupi naye, zimene sankachita kawirikawiri. Anamuuza kuti za kudwala kwa bambo ake akuzidziwa, ndipo sangamukakamize kulemba chilichonse. Koma ananenanso mosabisa kuti iwo sangasunge zimene aona. Belu la masana likalira aimbira foni a zaumoyo, kaya akhale akudziwa kumene nkhumbayo ili kaya ayi.

"Ukalemba bodza, akafufuza msika wonse sabata yathunthu," anatero. "Pomaliza sabata, nkhumbayo idzakhala ili m'mimba mwa anthu."

Kampeni anayang'ana mzere wa pansi uja, cholembera chili m'manja. Ankaopa bambo aang'ono, ankaopa njala, ndipo koposa zonse ankaopa kuti bambo ake amva kuti shopu yawo yatsekedwa chifukwa cha mwana wawo yemwe. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Anakokera thireyi pafupi n'kuyamba kuwerenga timatuza. Tinalipo khumi ndi kamodzi, kuphatikiza tiwiri tija anabisa. Anatijambula tonse, kalikonse pamalo pake. Pa mzere wa pansi analemba kuti: Butchala ya bambo anga, ngowe yachinayi, yopanda chidindo.

Atapereka pepalalo anapempha chinthu chimodzi, kuti amulole apite akauze akwawo yekha, asamve kwa alendo. Mayi Taonani anamulembera kakalata koonetsa kwa mlonda wa pageti, namukulungira mtima uja m'kajumbo komwe kaja.

5. Pa kauntala

Atafika ku butchala, maso ake anathamangira pa ngowe yachinayi. Nkhumba ija inali itagawidwa pakati, ndipo panatsala theka lokha. Bambo aang'ono anali akudula nthuli pa chipika, akuseketsa mayi wina wobereka mwana kumbuyo.

Kampeni anaima pakhomo. Mayiyo anali atatambasula kale dzanja kuti alandire.

"Mayi, pepani, imeneyo musatenge. Ndi yodwala."

Bambo aang'ono anaseka kwambiri n'kunena kuti ana a masiku ano akaphunzira masamba awiri amasanduka madokotala. Koma Kampeni anamasula kajumbo, natambasula mtima uja pa kauntala pamaso pa mayiyo. Mayiyo anayang'ana timatuza, nayang'ana bambo aang'ono, kenaka anakonza mwana wake kumbuyo n'kutuluka. Anthu awiri amene anali pamzere anamutsatira.

Bambo aang'ono anatseka chitseko. Nthabwala zonse zinali zitawathera.

"Iwe mwana, ndakusiya ulankhule chifukwa panali anthu, koma tsopano umve ine. Mankhwala amene bambo ako amamwa m'mawa ndi madzulo amachokera pa ngowe iyi. Yunifolomu wavalayo yachokera pomwepa. Chigwereni akulu anga, ndani wina anabwera kudzatsegula chitseko ichi? Aphunzitsi akowo anabwera? Nyama iyi ikapsa bwino ndi nyama ngati ina iliyonse, ndipo ife tinakula tikudya zoposa pamenepa. A zaumoyo akabwera sadzafunsa za ine. Pa chikwangwani palembedwa dzina la bambo ako, ndipo dzina limenelo ndi limene lidzanunkhe mumsewu uno. Ukapitiriza zimenezi ine ndisiya makiyi, uzidyetsa nyumba ija ndi bayoloje yakoyo."

Kampeni anadziwa kuti zambiri mwa zimene ananenazo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinamupweteka. Anayankha akuyang'ana pansi.

"Bambo, ndalemba kale. Masana ano aimbira a zaumoyo. Nanga amene sapsetsa bwino nyama, muwauza ndinu?"

Bambo aang'ono anamuloza chitseko ndi mpeni. Iye anakulunga mtima uja n'kutuluka.

6. Pakhonde

Kunyumba anapeza amayi ake akuyanika zovala. Atawafotokozera, amayiwo anakhala pansi pa ndowa yovundikira n'kuyamba kulira. Anamufunsa chifukwa chimene sanabwerere kaye kwa iwo asanalembe, namufunsanso kuti sabata yamawa adya chiyani. Anamuchonderera kuti asawauze bambo ake, chifukwa adokotala anati asamamve zodandaulitsa.

Koma pakhonde sipanali patali, ndipo matendawo sanawagwire makutu. Bambo ake anagogoda ndodo pansi kawiri, monga ankachitira akafuna munthu.

Kampeni anagwada pafupi ndi mpando n'kuika mtima uja pa mbale. Anautsegula ndi zala zake pamene anacheka paja. Bambo ake anawerama, nakhudza kathuza kamodzi ndi chala cha dzanja lamanzere, nakakanikiza. Anthu ogulitsa nyama zaka makumi awiri safuna galasi lokulitsira. Nkhope yawo, mbali imene inkagwirabe ntchito, inakwinyika.

"Chidindo?" anafunsa movutikira.

"Panalibe, bambo. Ndinaona m'mawa, koma ndinakhala chete. Ndipo m'kalasi ndinasenga tiwiri kuti ndibise."

Anawauzanso zimene analemba pa pepala, osasiya liwu. Anadikira ukali, koma bambo ake anangomuyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika diso limodzi.

Geti linatseguka mwamphamvu. Bambo aang'ono analowa epuloni ili m'thupi, naponya makiyi a butchala pamiyendo pa mkulu wawo. Ananena kuti atopa kugwirira ntchito anthu osayamika, ndipo ngati mwanayu sapita kukafufuta zimene walemba, iwo sabwereranso ku shopu. Amayi anaimirira kuti awapepese.

Bambo a Kampeni anakweza dzanja, onse n'kukhala chete. Anatola makiyi aja pang'onopang'ono. Amayi anaganiza kuti awabwezera mlamu wawo, koma iwo anawaika m'thumba la malaya awo n'kugwirapo ndi chikhatho.

"Itsekedwe," anatero.

Amayi anabisa nkhope m'manja. Bambo ake anali atamuikira kumbuyo Kampeni, koma iye sanamve kukoma kulikonse, chifukwa funso la amayi ake lija, loti adya chiyani, linalibe woliyankha.

Bambo ake analozanso mtima uja, kenaka analoza mng'ono wawo. Mawu anawavuta, anayesa kawiri, kachitatu anatuluka.

"Yagulidwa... ndi yani?"

Kampeni ananena kuti pa ngowe patsala theka lokha. Bambo aang'ono anayamba kuyang'ana kumbali, napukuta manja pa epuloni ngakhale anali ouma. Mkulu wawo anagogoda ndodo pansi.

"Theka linalo watenga lonse munthu mmodzi," anatero bambo aang'ono, mawu atatsika. "Wokazinga uja wa pageti la sukulu."

Kampeni anadzuka. Kudzera pachitseko anaona wotchi ya pabalaza, ndipo panatsala mphindi khumi kuti belu la masana lilire. Kuchokera kunyumba kukafika kusukulu unali ulendo wa mphindi makumi awiri.

Bambo aang'ono anatulutsa foni n'kuimba nambala ya wokazingayo. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso, inaliranso osayankhidwa, chifukwa munthu amene ali pa moto, mafuta ali m'manja, sagwira foni.

Kampeni anakumbukira Wailesi ndi nyama yake ya mafuta imene anasungitsa m'mawa. Anabwezera mtima uja m'kajumbo kaja, navula nsapato za sukulu kuti zisamulemere, n'kutuluka pageti akuthamanga. Anadutsa mzere wa mashopu, anadutsa butchala yotseka, anthu akumuyang'ana. Asanafike pa mphambano yomaliza, anamva belu likulira.